Anakwirira Nthochi Ine Ndili ku Hotela

Hotela ija ndimaidziwa bwino. Dzina lake sinditchula, koma ili pakati penipeni pa Blantyre, yosanja, magalasi okhaokha, ndipo pakhomo pamaima munthu wa jekete yofiira amene ntchito yake ndi kukutsegulira chitseko basi. Ndagonamo kambirimbiri, ine munthu wothyola tiyi, amene sukulu ndinalekezera sitandade 4. Ndikudziwa kuti chikepe cha kumanzere chimanjenjemera chikamaima. Ndikudziwa kuti kakhadi kotsegulira kuchipinda ukakaika thumba limodzi ndi foni kamafa, umatsikanso kukapempha kena. Ndikudziwa kuti m'mawa amakufunsa kuti mazira mukufuna okazinga kapena owiritsa, ngati kuti imeneyo ndi nkhani. Zonsezi ndinaziphunzira mkazi wanga ali pansi pa miyala.

Chaka chija mvula inagwa osakata, phiri la Mulanje linagumuka kutacha kale. Tinamva mkokomo ngati malole ambirimbiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Ine ndinanyamula mwana wathu wamkazi paphewa n'kuthamangira kumtunda, ku munda wa tiyi. Mkazi wanga anali m'mbuyo. Ndinamuona akudutsa pa mtengo wa mapeyala wa pakhomo pathu, chitenje chili m'manja. Nditacheukanso kunalibe munthu, kunalibe nyumba, kunalibe mudzi. Matope, mitengo, ndi miyala ina yaikulu kuposa minibasi. Chinatsala ndi mtengo wa mapeyala uja, wothyoka pakati, chitsa chake chili njo pakati pa miyala. Chitsa chimenecho ndicho chinali chizindikiro changa. Ndinkadziwa kuti mkazi wanga ali pamenepo, pafupi ndi chitsacho.

Tinakumba ndi makasu, ndi mapiki, ndi manja. Khasu silisuntha mwala wonga minibasi. Pamafunika chimakina chija cha mkono wautali, chokumba misewu.

Mudziwo sunali wanga. Ine ndine mkamwini, kwathu ndi cha ku Chonde. Malo ndi a kuchikazi, mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi mchimwene wake wa mkazi wanga, alamu anga. Tili ku kampu pasukulu, alamu anandiitanira kuseri kwa kalasi.

"Alamu, anzathu onse amene sanapeze anthu awo adula nthochi. Ife tikudikira chiyani?"

Mwambo wake ndi umenewo. Thupi likasowa amadula thunthu la nthochi, kulikulunga nsalu, kuliika m'manda ngati munthu. Anthu amalira, amameta, maliro amatha. Akatero mkamwini amasudzulidwa, amanyamula khasu lake kubwerera kwawo. Mwana amatsala.

"Ine ndinakwatira munthu, sindinakwatire nthochi," ndinatero. "Mlongo wanu ali pa chitsa paja. Mukudziwa inunso."

"Ndikudziwa. Ndiye mumutulutsa ndi mano?"

"Makina abwera."

"Atumiza ndani?"

Ndinawasiya pomwepo. Koma mawa lake kunabwera anthu a magalimoto oyera kudzagawa zidebe ndi mapulasitiki, ine ndinawakalipira pamaso pa anthu onse. Ndinati chidebe ndichite nacho chiyani, tumizani makina. Panali mayi wina wa bungwe lina, wovala magalasi, wolankhula mofatsa ngati namwino. Anandikokera pambali.

"Bambo, inu mumalankhula bwino. Zimene mwanenazi mukakazinene ku Blantyre, pamaso pa akuluakulu. Amene ali ndi mphamvu yotumiza makina amakhala kumeneko."

Ndimo mmene ndinalowera m'hotela muja.

Tsiku loyamba ndinaima pakhomo osalowa. M'kati mwake, pamene alendo amafikira, anamanga kaphiri ka miyala, madzi n'kumatsetsereka pamiyalapo usana wonse. Amati n'zokongoletsa. Ine ndinabwerera m'mbuyo. Wa jekete yofiira uja anandifunsa kuti bambo mukufuna ndani, mayi wa bungwe ndiye anandigwira mkono n'kundidutsitsa. Kuchipinda ndinapeza bedi loyera mbee, lalikulu loti banja lonse n'kugonapo. Ndinakhala pa kapeti kaye. Patebulo panali tiyi wa m'timapepala, wa kwathu komwe, amene ndathyola ine mpaka zala kuchita zikang'a. Sindinamuonepo atavala bwino chonchija.

M'mawa mwake anandiimika kutsogolo m'chiholo chozizira ngati ku Chambe pamwamba pa phiri mwezi wa Juni. Anthu anakhala m'matebulo, aliyense botolo la madzi patsogolo. Ndinafotokoza zonse. Mkokomo, mwana paphewa, chitenje, chitsa. Mnyamata wina wa tayi ankamasulira m'Chingerezi. Amayi ena analira. Mzungu wina anandigwira manja onse awiri, osandisiya. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinabwerera, ndinati chonde tumizani makina ndikaike mkazi wanga ngati munthu. Anawomba m'manja.

"Ndiye abwera liti?" ndinafunsa mayi uja potuluka.

"Amva, bambo. Mwawakhudza kwambiri. Zinthuzi zimayenda pang'onopang'ono."

Ndinabwerera ku kampu ndili ndi mphamvu. Ndinauza alamu kuti dikirani, akuluakulu amva. Anadikira.

Kenako foni inayamba kumalira. Bambo, kuli msonkhano. Bambo, kwabwera alendo ochokera kunja. Bambo, kuli wekishopu. Ndinkakwera minibasi pa Boma, kutsika ku Limbe, kukwera ina yolowa m'tauni. Mvula inatha, anthu anachoka ku kampu n'kumanga timanyumba kumunsi, chisanu chinabwera, chinapita, dzuwa linawotcha, ine ndili pamsewu womwewo. Kaphiri ka madzi kaja ndinayamba kukadutsa osayang'ana. Mtsikana wa pa kauntala anasiya kundifunsa dzina.

"Mwabweranso, bambo! Takulandirani. Ku Mulanje kuli bwanji?"

Ku Mulanje kuli bwanji. Ndinkayankha kuti kuli bwino. Ndikanati chiyani?

Ulendo wina ndinavala jekete imene ndinagula pa kaunjika, kuti ndioneke ngati munthu pakati pa anthu. Mayi wa bungwe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, jekete ndi yabwino, koma mawa muvale malaya aja munavala tsiku loyamba."

"Ong'ambika aja?"

"Omwewo. Komanso mbali ya makina ija muzifupikitsa. Alendo amakhudzidwa kwambiri ndi mbali ya mwana paphewa."

Ndinavala. Ndinkasunga malaya ong'ambika m'chikwama ngati yunifomu. Ndinafika podziwa pamene anthu ayambire kulira. Ndikangoti chitenje chili m'manja, ndinkaona amayi akupisa m'zikwama kufuna kansalu. Ndipo Chingerezi sindichidziwa, koma makutu ndili nawo. Ndikanena za mwana, mnyamata wa tayi ankalankhula nthawi yaitali, mpaka kugwira pachifuwa. Ndikanena za makina, mawu awiri atatu, wamaliza.

Kumudzi anthu anayamba kulankhula. Pa mjigo, pa maliro a ena, paliponse. Akuti akamwini anenepa. Akuti masaya atuluka. Mkulu wina woledzera anandiimitsa panjira n'kunena kuti, "Achimwene, inu ndiye mkazi anakuferani bwino, anakutsegulirani hotela." Ndinamugwetsa pansi. Inde ndinanenepa. Munthu akakuikira masoseji patsogolo uzitani, uziwayang'ana? Thupi ndi galu, limadya ngakhale mwini wake akulira.

Mwana wanga ndinkamutengera tisopo ta ku hotela ndi tijamu ta m'timapaketi. Ankasangalala, ankanunkhiza kasopo osafuna kukasambira. Tsiku lina apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anamulanda n'kukaponya kudzala. Iwo sankalankhula nane maso ndi maso, mwambo suwalola, koma analankhula ndi nkhuku zimene zinali pabwalo, mokweza kuti ndimve.

"Mwana wanga akununkha pansi pa miyala, uyu akununkhira sopo."

Sindinabweretsenso sopo.

Ndiye kunabwera ulendo umene mtsikana wa pa kauntala anandisekerera kwambiri kuposa masiku onse.

"Bambo, inu ndinu mlendo wathu wa nthawi zonse. Lero takukwezani, takupatsani chipinda cha pamwamba. Mukaona tauni yonse."

Ndinakwera. Ndinatsegula katani. Windo lake linayang'ana kuseri kwa hotela, ndipo pansi apo, m'kati mwa mpanda wa malata, panali chimakina chija. Chachikasu, mkono wautali, mano kutsogolo. Chinkakumba dzenje lalikulu. Ndinachiona chikunyamula mwala waukulu ngati munthu akutola mbatata, n'kuuponya m'lole. Chinabwerera, chinatolanso wina. Ndinaima pawindo paja mpaka miyendo inachita dzanzi.

Nthawi ya nkhomaliro anzanga akupita kukadya, ine ndinatuluka, ndinazungulira mpanda mpaka ndinapeza pobowoka. Woyendetsa wake anali atakhala pamthunzi wa chimakinacho, akudya chimanga chowotcha. Munthu wa msinkhu wanga, wadazi.

"Achimwene, mukukumba chiyani pano?"

"Damu losambiramo alendo. Lakale akuti lachepa. Mukufuna ganyu? Kulibe."

Ndinamufotokozera. Osati mmene ndimafotokozera m'chiholo muja, ayi. Mwachidule. Anasiya kutafuna.

"Pepani, achimwene. Pepani kwambiri."

"Ichi chingathe?"

"Ichi? Ichi chimagwetsa nyumba. Tsiku limodzi kapena awiri, basi."

"Nanga kuti chifike ku Mulanje?"

Anaseka, koma osati mondinyoza. "Ine ndine wolembedwa, kiyi amandipatsa m'mawa, madzulo amalanda. Ichi sichiyenda chokha pamsewu, chimakwera chilole chake. Mwini wake alipo, amabwereka kwa aliyense. Amene amakugonekani m'mwambamo akangofuna, mawa lomwe chili panjira." Anathyola chimanga chake pakati n'kundipatsa. "Koma achimwene, ndikuuzeni ngati munthu mnzanu. Papita nthawi. Mukapezako mafupa."

"Mafupawo ndi ake."

"Ndi ake ndithu," anatero.

Madzulo ake ndinamukokera mayi wa bungwe pawindo la pa kolido, ndinamulozera. Anavula magalasi, anawapukuta.

"Bambo, ife ntchito yathu ndi kufikitsa mawu. Zokumba si gawo lathu."

"Nanga ndi gawo la ndani?"

"Ndi zimene tikuyesetsa kuti akuluakulu aone."

Nditafika kumudzi ndinapeza alamu akundidikira pakhonde. Mvula ina inali itagwa kale n'kutha, chimanga chili m'nkhokwe. Sanandipatse ndi moni womwe.

"Alamu, takhala pansi tonse. Loweruka likubwerali tikuika maliro."

"Maliro a ndani?"

"Musandiyankhe choncho. Amayi akudwala, mukuwaona. Akuti sangafe asanalire mwana wawo. Taonani mitu yathu, chaka chonse osameta, tikuoneka ngati amisala. Mwanayu akufunsa tsiku lililonse kuti amayi ali kuti, tizimulozera chiyani? Miyala?"

"Ndachiona chimakina ndi maso angawa."

"Ifenso timachiona pamsewu. Chinabwera?"

"Mundipatse nthawi pang'ono."

"Nthawi tinakupatsani. Munaidya ndi foloko."

Tikanamenyana. Mwana anatuluka m'nyumba, tinalekera pomwepo.

Lachinayi foni inalira. Mayi uja mawu ake ali m'mwamba. Akuti bambo, uwu ndiye mwayi wathu, Loweruka kukubwera wamkulu weniweni, amene akangoti makina apite, amapita. Akuti musalephere. Ndinati Loweruka kuli mwambo kumudzi. Akuti bambo, munthu ameneyu sapezekapezeka.

Ndinapita kwa alamu. Ndinagwada, ine munthu wamkulu, ndinagwada pafumbi. Ndinati sunthani tsiku, sabata imodzi yokha.

"Mukapita, tiika," anatero. "Mukakhala, tiikanso. Kusiyana kwake n'kwakuti mukakhala mudzaponyako dothi."

Ine mumtima ndinkati sangachite. Maliro a mkazi mwamuna wake palibe? Sizinachitikepo. Ndipo ndinkati ndikabwera ndi tsiku la makina m'manja, nthochi adzaisiya okha. Lachisanu ndinakwera minibasi, malaya ong'ambika ali m'chikwama.

"Mwabweranso, bambo! Chipinda chanu chija chilipo."

Loweruka m'mawa chiholo chinadzaza. Anakongoletsa ndi maluwa, kutsogolo anapachika chinsalu chachikulu, pansalupo nkhope yanga, yaikulu ngati chitseko, nditanyamula mwana. Sindikudziwa anandijambula liti. Tinadikira wamkulu uja. Tinadikira. Kenako analengeza kuti watanganidwa, watumiza womuimira. Womuimirayo anali kamnyamata konenepa, kanakhala kutsogolo maso ali pafoni.

Atandiitana sindinanene za mkokomo. Sindinanene za chitenje. Ndinaloza khoma la kumbuyo.

"Kuseri kwa khoma ili kuli makina. Akukumba posambira inu. Mkazi wanga ali pansi pa miyala chaka chonse, ine mwandigoneka pabedi loyera, mwandidyetsa mazira, mwalira, mwandigwira manja. Misozi yanu ndatopa nayo. Lero lomwe lino kwathu akufuna kukwirira nthochi. Ndani pano anene tsiku? Iwe wa foniwe, nena tsiku!"

Ndinkakuwa. Mnyamata wa tayi anayang'ana mayi wa bungwe, kenako analankhula Chingerezi chofewa, chachifupi, dzanja lili pachifuwa. Sindikudziwa anawauza chiyani. Amene amamva Chichewa anayang'ana mabotolo awo a madzi. Enawo anaimirira. Anaimirira n'kuwomba m'manja, nthawi yaitali, kuposa masiku onse. Mayi wina anabwera kudzandikumbatira. Kamnyamata ka foni nakonso kanawomba, foni itapanidwa kukhwapa.

Inakwana nthawi ya tiyi. Anthu anatulukira pa kolido pamene anayala makeke, nanazi wodulidwa bwinobwino, nthochi zoyalidwa pa masamba ake. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu m'malaya. Foni inanjenjemera m'thumba. Inali nambala ya mayi woyandikana nafe nyumba, koma mawu anali a mwana wanga.

"Ababa."

"Ee, mama."

"Amayi awaika."

Ndinakanikiza foni kukhutu.

"Anandiuza ndiponye dothi, ndaponya. Koma ababa, si amayi. Ndinaona akudula. Ndi nthochi ya kuseri kwa agogo ija."

Munthu wa hotela anafika ndi thileyi. "Bambo, tiyi wa mkaka kapena wopanda?"

Sindikumbuka kuti ndinamuyankha chiyani. Ndinakwera kuchipinda, ndinatenga chikwama. Pawindo ndinaona chimakina chikusalaza m'mbali mwa dzenje, pang'onopang'ono, mosamala kwambiri. Pa kauntala mtsikana uja anati muyende bwino bambo, tidzaonananso.

Ndinafika kumudzi dzuwa likupendeka. Mitu yonse inali yometa. Alamu, apongozi, ana a alamu, mwana wanga, onse mipala mbee. Ine ndekha tsitsi. Ndinadutsa pakati pawo ngati munthu wodzagula mbuzi. Palibe anandikalipira, bola akanandikalipira. M'mawa mwake anandikhazika pampando, anandimeta ndekhandekha, lezala lili lobuntha kale. Atatha, akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi, anandisudzula. Anati mwamasuka, mukhoza kukwatira kwina. Anandipatsa khasu langa ndi chikwanje. Zina zonse zinali pansi pa miyala, panalibe chogawana.

Alamu anandiperekeza mpaka pamsewu. Minibasi ikubwera ndipamene anati, "Mwanayu muzibwera kudzamuona. Sitikukanizani."

"Zikomo," ndinatero. Kuthokoza munthu chifukwa wakulola kuona mwana wako.

Mayi wa bungwe anaimbanso patapita masabata. Akuti bambo, tsiku lija munalankhula mwamphamvu, alendo sakuiwalani, kuli msonkhano wina. Ndinamufunsa kuti makina. Akuti zikuyenda. Ndinadula. Anaimbanso, ndinadula. Masiku ano saimba.

Panopa ndili ku Chonde, m'nyumba ya mlongo wanga, ndine amalume a ana ake. Ndimawalamula, amandimvera, pamene wanga akulamulidwa ndi wina. Ndikapeza ya minibasi ndimapita kukamuona. Ulendo wathawu ndinamupeza atathyola maluwa a m'tchire, achikasu aja, atawamanga ndi luzi. Wakula, wayamba kufanana ndi mayi ake pakamwa.

"Ababa, agogo akuti ndikaike kumanda. Koma kumanda kuli nthochi. Mundiperekeze kwenikweniko."

Ndinamugwira dzanja, tinakwera. Sindinapiteko nthawi yaitali, masiku amene ndinkayenera kupita ndinali pamsewu wa ku Blantyre. Pamalopo pamera udzu ndi zitsamba zotalika kuposa ine. Anthu ena akuswa miyala ing'onoing'ono yogulitsa, ena alima nandolo m'mipata. Ndinayang'ana chitsa cha mapeyala. Ndinazungulira. Ndinakwera pamwala, ndinayang'ana uku ndi uku. Kulibe.

Ndinafunsa bambo wina amene ankaswa miyala. Anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Chitsa? Zitsa zonse za kuno anazula owotcha makala, kalekale. Chinali cha pati?"

Chinali cha pati. Miyala yonse ndi yofanana. Ndinaloza apa, mtima unati ayi, ndi uko. Ndinapita uko, ndinaona ngati ndapitirira. Ngakhale chimakina chija chitabwera lero, woyendetsa n'kundifunsa kuti achimwene ndikumbe pati, ndilibe pomulozera.

Mwana anaima pakati pa miyala, maluwa ali m'manja, akundiyang'ana.

"Ababa, ndiike pati?"

Ndinamuuza kuti aike pamene waimapo.